Mavidiyo a eni nthaka oyambirira tingawapeze kuti?

Aphunzitsi anzathu ndi inu a ku malaibulale, tithandizeni. Tikusonkhanitsa mavidiyo ophunzitsira mbiri m'masekondale a muno mu Lilongwe, okamba za mitundu yomwe inakhala m'madera awo ena onse asanafike: Asan a ku Kalahari, Amaori a ku New Zealand, Ainuit a ku Canada, komanso Abatwa, omwe kwathu kuno timawatcha Akafula, amene anajambula zina mwa zithunzi za pa miyala ya ku Chongoni, ku Dedza.

Za Ainuit zilipo zambiri, zaulere, pa masamba a pa intaneti a National Film Board of Canada ndi IsumaTV, kungoti zina sizitseguka ukakhala kunja kwa Canada. Kanopy, tsamba lina loonetsa mafilimu, imafuna khadi la laibulale kapena yunivesite yomwe inalipira. Pa YouTube zadzaza, koma ambiri mwa mavidiyowo anajambula ndi alendo, wofotokoza n'kumalankhula ngati anthuwo anatha kalekale. Ife tikufuna omwe eni ake akudzilankhulira okha, mawu a Chingerezi atalembedwa m'munsi.

Vuto lina ndi bandulo. Ola limodzi la vidiyo yooneka bwino (720p) limadya pafupifupi 1GB, n'chifukwa chake yotsikirapo maonekedwe (480p) ndiyo ingatikwanire, ya mphindi 10 mpaka 20, kuti m'phunziro la mphindi 40 mutsale nthawi yokambirana. Netiweki ikafooka vidiyo imangoimaima, ana n'kuyamba phokoso, choncho tiuzeni malo omwe amalola kudawunilodi mwalamulo n'kusunga pa fulashi.

Ndani akudziwa vidiyo yabwino ya Abatwa a ku Rwanda, Burundi kapena Uganda? Nanga ya Chongoni, makamaka ya m'Chichewa, ilipo?