Selenium ikukana kukweza fayilo pa Grid, pa laputopu ikuyenda bwinobwino

kachere_QA:
Akuluakulu ndithandizeni, mutu waima. Test yokweza PDF ikudutsa pa laputopu yanga, ikangofika pa Jenkins (seva yomwe imayendetsa ma test yokha) ikufa ndi "File not found". Path ndi absolute, fayilo ili mu repo, ndaiona ndi maso angawa. Ndikugwiritsa ntchito Selenium 4 (chida choyesera mawebusayiti) ndi Java, Chrome ili mu Docker pa Grid (makina ena omwe Selenium imayendetsako browser). Release ndi Lachisanu!

mbewa404:
Ikani AutoIt basi, pulogalamu yomwe imadina ndi kulemba m'mawindo yokha. Mudina batani, windo litseguka, script ilemba path. Nkhani yatha.

nsomba_dev:
Achimwene, AutoIt ndi ya Windows, anzathuwa ali pa Linux yopanda ndi sikirini yomwe. A kachere, fayilo ili kwa Jenkins koma Chrome ikuisaka kwawo ku node (makina a Grid omwe ikuyenderapo), komwe kulibe. Pa RemoteWebDriver ikani setFileDetector(new LocalFileDetector()) musanaitane sendKeys (lamulo lolembera path ya fayilo), Selenium iitumiza yokha. Ndipo sendKeys ipite pa input type=file, osati pa batani lokongola lija. Ngati tsambalo likugwiritsa ntchito Dropzone (library yokwezera mafayilo), input yake amaibisa mu body, class dz-hidden-input.

mbewa404:
Kumeneko n'kuzemba. Kasitomala salemba sendKeys, amadina batani.

gogo_regression:
Ikadutsa musavine msanga ana inu. Komwe ndinkagwira kale test inali yobiriwira miyezi yambiri, kumakweza kafayilo ka 20KB. Tsiku lotsegulira anthu, aliyense akujambula chiphaso ndi foni, chithunzi chimodzi 4MB. Seva ya Nginx sitinaikhudze, malire a kukula kwa zotumiza (client_max_body_size) anali pa 1MB pomwe amabwerera. Error 413 (fayilo yakula kwambiri) yokhayokha, tsamba likungozungulira osanena kanthu. Tinagona mu ofesi, nsima osaiona. PHP nayo upload_max_filesize imayambira pa 2M, ikhoza kukudikirani kutsogolo.

Chinanso, sendKeys salabadira accept, pomwe tsamba limanena mitundu ya mafayilo ololedwa. Mutha kuponya .exe pomwe palembedwa PDF, ndiye onani ngati seva ikukana yokha. Komanso chonde, ziphaso zenizeni za makasitomala zisalowe mu repo.

tiyi_wozizira:
Ife tinasamukira ku Playwright, chida china chonga Selenium, setInputFiles mzere umodzi.

nsomba_dev:
Asamuke Lachisanu lisanafike? Mukufuna awachotse ntchito?

mbewa404:
Ine ndikubwerezabe. Batani likafa, sendKeys yanuyo idzadutsa, inu muli phee.

gogo_regression:
Apo pokha mwanena zoona, koma AutoIt ayi.

tiyi_wozizira:
Tili pomwepa, alipo amene Chrome ikumufera mu container chifukwa cha /dev/shm (shared memory yake)? Yanga ikugwa pa test yachitatu.