Gasi wa ndowe akutuluka koma sakuyaka, ndikhuthule thanki?

Wofunsa: Moni nonse pagulu pano, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi thanki ya bayogasi yomwe yagwira bwino ntchito miyezi 8. Ng'ombe ndili nazo zitatu, m'mawa uliwonse ndimathiramo ndowa ziwiri za ndowe zosungunula ndi madzi muyezo wofanana. Lawi linali la buluu, madzi otuluka m'thankimo ndimathirira kudimba, masamba otsala kudimbako amadya ng'ombe zomwezo. Palibe chinkatayika.

Mwezi wathawu malo ena odyera anavomera kumandisungira makoko ndi zotsala m'mbale, mwina ndowa zinayi patsiku. Ndinkangoti ndatola chikwama, ndinayamba kuzithira m'thankimo, ndipo masiku oyamba gasi anachulukadi. Pano akutuluka ndithu, koma ndikayandikitsa machesi akungozimitsa, ndipo madzi otuluka akununkha mosasa. Amene anandimangira sakuyankha foni. Ndikhuthule zonse ndiyambirenso?

Woyankha woyamba: Musakhuthule achimwene, komanso kuyambira mawa musathiremo kalikonse. Thanki yanu yavimbidwa. Mkatimo muli magulu a tizilombo togwira ntchito molandizana: tina timaphwanya zinyalala n'kuzisandutsa asidi, tina timadya asidiyo n'kutulutsa methane, mpweya woyakawo. Toyambato timaswana mwamsanga, koma topanga methane timachedwa ndipo sitipirira asidi. Ndowe zimagayika pang'onopang'ono chifukwa ng'ombe inazigaya kale, n'chifukwa chake magulu awiriwa ankayendera limodzi. Zotsala m'mbale zimasasa tsiku lomwelo. Gasi wabwino amakhala ndi methane pakati pa 50 ndi 70 peresenti, wanuyo wachuluka carbon dioxide, mpweya wosayaka, ndiye angayake bwanji? Pezani timapepala toyezera pH, nambala yomwe imatsika asidi akachuluka m'madzimo. Pafunika 6.8 mpaka 7.4, ikatsika pansi pa 6.5 topanga methane timafooka.

Woyankha wachiwiri: Musanafike kutali konseko, mwaona ngati m'paipi mulibe madzi? Gasi amatuluka ndi chinyezi, chimadikha pamalo otsika a paipi. Ine ndinavutika sabata yathunthu chonsecho vuto linali lomweli.

Wofunsa: Ndinatsegula dzulo mayi, munali timadontho chabe. Komanso gasi akufika ndi mphamvu pachitofu, kuyaka kokhako ndiye ayi.

Woyankha wachitatu: Afunseni a malo odyerawo ngati sakuthiramo madzi otsukira mbale. Sopo wambiri ndi mankhwala opha majeremusi zimapha tizilombo tanuto. Ndowe za ng'ombe yomwe ikubayidwa mankhwala a antibayotiki muzizipatulanso. Ine ndikanathiramo laimu wochepetsa asidi basi.

Woyankha woyamba: Laimu amathandiza, koma asungunule pang'ono m'madzi, athire, ayeze mawa lake. Mukathira thumba lonse pH idumphira kwina, mwaphanso zomwe mumafuna kupulumutsa. Chomwe ndimakhulupirira ine n'kupempha ndowa zingapo za madzi otuluka m'thanki ya munthu wina yomwe ikuyaka bwino, muli tizilombo tamoyo kale. Dikirani sabata imodzi kapena ziwiri, lawi likabwerera yambani ndi ndowe zokha. Zotsalazo musazileke, zimatulutsa gasi wambiri kuposa ndowe, koma yambani ndi theka la ndowa, zoduladula, n'kumawonjezera sabata ndi sabata. Kukazizira chepetsaninso, tizilomboti timakondwa pa madigiri 35 mpaka 37.

Woyankha wachinayi: Chonde gasi woipayo mutulutsire panja, kutali ndi moto, osati m'khitchini. Ndipo ngakhale mutadzakhuthula tsiku lina, munthu asalowe m'thankimo. Mulibe mpweya wopuma, komanso hydrogen sulphide, uja wonunkha ngati dzira lovunda, amakomola munthu asanakuwe.

Wofunsa: Zikomo nonse, ndamva. Nanga madzi osasawa ndipitirize kuthirira kudimba? Ndipo zotsala zomwe zibwere mawa ndizitani, poti ndinalonjeza kumakatenga?

Woyankha wachiwiri: Pa mbewu zanthete ayi, angaziwaule. Athireni pa mulu wa kompositi pamodzi ndi zotsalazo, muzikwirira ndi udzu wouma kuopa ntchentche ndi makoswe.