Tazz ya madala yatopa, tiigulitse kapena ipite kumudzi?

Wa ku Rosettenville:
Abale ndithandizeni nzeru. Tili ndi Toyota Tazz ya 2001 imene madala anagula atangokhazikika kuno ku Joni, anagula yoyenda kale koma ndi imene yatilera tonse. Madala anatisiya chaka chatha ndiye makiyi anatsala kwa ine. Pano ikumwa oilo koopsa, utsi wabuluu kumbuyo, giya yachitatu ikumadumpha, makaniko akuti ndalama yokonzera iposa mtengo wa galimotoyo. Koma mtima wanga ukukana zedi. Iyi ndi imene inkatitenga pa Disembala, N1 mpaka Beitbridge, kugona pamzere pa boda, Harare, Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete mpaka Mwanza, buti itadzaza mabulangete ndi mafuta ophikira a agogo ife tapanikizana kumbuyo miyendo pamwamba pa zikwama. Pachiwongolero mpaka lero pali potha pamene madala ankagwira ndi dzanja lamanja. Mayi akuti ipite kumudzi ikaime pakhomo, achemwali akuti tigulitse basi. Anzanga munatani?

Mkulu wa ku Mayfair:
Pepani ndi zovutazo mwana wanga. Zopititsa kumudzi ine ayi. Msonkho wa MRA amaonanso zaka za galimoto, yakale simaphweka, kuphatikizapo mtunda wonsewo ndi injini yodwala. Komanso galimoto yongoima imatha msanga kuposa yoyenda, ndinaiona ya mlamu wanga, mvula ziwiri zokha matayala kuphwa, makoswe kudya mawaya, nkhuku kuikira pampando. Mayi anu zikawapweteka kwambiri kuiona choncho tsiku ndi tsiku. Koma musanachite chilichonse amalume anu amve kaye, ndi katundu wa malemu ameneyo.

Makaniko_Booysens:
Achimwene musathamangire ku sikirapu chonde!! Tazz anasiya kupanga 2006 koma zinapangidwa zambirimbiri ku Durban, masipeya ali mbwee paliponse. Ngati ndi Tazz 130 ija ya injini ya 2E, imeneyo ndi injini yosavuta, ya kabureta, ilibe zamakompyuta. Utsi wabuluu nthawi zina ndi ma valve seal chabe, timphira totchinga oilo pa ma valve, osati ma ring a pisitoni, muuzeni makaniko wanuyo ayeze kaye compression, mphamvu yopanikiza mpweya mu injini, musanamve zoti yafa. Thupi likakhala lopanda dzimbiri ndiye chuma chimenecho, anyamata akuzisaka usiku ndi usana.

Mayi a mapasa, Turffontein:
Ndawerenga misozi ili m'maso. Ife tinagulitsa Nissan 1400 ya bambo anga, inkanyamula matimati ndi kabichi kuchokera ku msika wa City Deep mbandakucha, fizi yathu yonse inachokera pa kabakki kameneko. Tsiku lomwe wogula anabwera ndinaitsuka ndekha, mu kabati ndinapezamo kabuku kawo kolemba mafuta ndi ma kilomita, zolemba za dzanja lawo, ndinakhala pansi pompo osatha kudzuka. Kabukuko ndinasunga, galimoto inapita, ndipo sindinong'oneza bondo chifukwa anaitenga ndi bambo wina wogwira ntchito ya mapaipi, ikuyendabe.

Chinthu chimodzi mchimwene, mapepala. Ngati idakali m'dzina la malemu simungangoigulitsa, pamafunika kalata yochokera kwa Master of the High Court yokupatsani mphamvu pa katundu wawo. Mukagulitsa lembani fomu yachikasu ija ya NCO, yodziwitsa kuti mwini wasintha, mukapereke ku ofesi ya licensing pasanathe masiku 21, apo ayi ma fine a wogula azibwerabe kwa inu. Ndipo osapereka makiyi ndalama isanaoneke mu akaunti, meseji ya pafoni yokha osaikhulupirira.

Wa ku Rosettenville:
Zikomo nonse, mwandipepuza. Za kalata ya Master zija tiyamba nazo sabata ino. Amalume ndawaimbira, akuti tiyeze kaye injini ikapezeka kuti ndi zazing'ono ikhale, achemwali aziyendera ku ntchito. Achimwene a ku Booysens, Loweruka mumatsegula nthawi yanji? Ndibwera nayo pang'onopang'ono.