Mlongo wanga palibe womugonjetsa pa freestyle, tsopano akumuitana ku studio ku Blantyre: timulole?

Chemwali wa ku Chikanda:

Abale, ndigawireniko nzeru. Ndili ndi mlongo wanga wa zaka 21 amene ndamulera ndekha chimwalirireni amayi mu 2019. Kurapa anayamba ali Fomu 2, kumenya desiki ngati ng'oma mpaka aphunzitsi kundiitanitsa kawiri. Loweruka madzulo anyamata amasonkhana kuseri kwa msika wa Mpondabwino ku Zomba kuno, wina amabweretsa sipika ya Bluetooth, ndiye awiriawiri amalasana mawu pompopompo, osalemba paliponse.

Ine ndinkaziyesa zachibwana. Tsiku lina ndikuweruka kogulitsa kaunjika ndinaima kumbuyo kwa gulu. Mnzake anamunyoza kuti amavala zotsala pa belo la achemwali ake. Iye osaphethira n'komwe, anayamba kutchula mtengo wa chovala chilichonse chimene mnzakeyo anavala, kuyambira kapu mpaka sokosi, liwu lililonse likugwera pa beat, n'kumalizira kuti jekete ija anaitenga kwa ine pa ngongole ndipo sanamalize kulipira. Zinali zoona! Anthu anafa nalo phwete, akabaza anaimika njinga. Ndinafika kunyumba misozi ikulengeza, chifukwa pakamwa pakuthwa pamenepo mpa malemu amayi.

Kanema wa tsikulo wayenda pa WhatsApp ndi TikTok, ndipo mkulu wina wa studio ku Blantyre wamuimbira foni. Akuti amujambulira nyimbo zisanu ulere, koma "nyimbozo zikhala za kampani". Ine kubanki m'khonde ndili ndi K200,000 imene ndimati ndiwonjezere belo mu Disembala. Ndimulole apite, kapena ndithyole ndalamayo ajambule konkuno?

Wojambula nyimbo wa ku Matawale:

Chemwali, mnyamata wanuyo ndinamuonapo, luso alinalo. Koma ndikuuzeni zimene ndimakumana nazo m'kachipinda kanga. Akatswiri ambiri a battle, kulasana mawu kuja, akaima pa maikolofoni amazizira. Kubwalo amadya mphamvu za gulu: wina akakuwa, iye mzere wina wabwera. Mu studio muli zii, wavala ma headphone, akumva kupuma kwake komwe. Ndiponso mzere wonyoza jekete ya mnzako umakoma kamodzi, kwa anthu amene akuiona jeketeyo. Nyimbo imafuna kuti mayi wa ku Thondwe amene sakumudziwa aimvere kakhumi. Ayambe kulemba m'kope: vesi ya mabala (mizere) 16, korasi yoti mwana atha kuigwira, ndipo adziwe popumira kuti mawu asamezeke kumapeto kwa mzere.

Za ku Blantyre zija, mawu oti "za kampani" ndi amene andiimitsa mutu. Afunse zinthu izi, ndipo mayankho akhale papepala losainidwa: beat ndi ya ndani, nyimbo zikhala m'manja mwa kampani zaka zingati, ndalama za pa YouTube ndi Boomplay azigawana bwanji, nanga akafuna kuchoka atuluka ndi chiyani. Wina akakana kulemba, mwadziwiratu. Asaiwalenso kulembetsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo lomwe lilipo kuyambira 1992. Ndi kumeneko kumene kumadzera ndalama nyimbo ikamaseweredwa pa wailesi, ndipo dzina lolembedwa kumeneko ndi limene limalandira. Samalaninso ndi ma beat otola pa intaneti olembedwa kuti ndi aulere. Ambiri ndi aulere pongoyeserera, mukayamba kugulitsa mwini wake amatsitsitsa nyimboyo.

Ndalama ya belo musaithyole yonse. Nyimbo imodzi yojambulidwa bwino ikukwanira poyambira.

Mnyamata wakale wa pa Chanco:

Ine chimandiwawa n'chakuti timaganiza kuti chilichonse chabwino chiyenera kudzera ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Chimbale choyamba cha ku Malawi kupikisana nawo pa Grammy, mphoto zazikulu za nyimbo za ku America, chinajambulidwa mu ndende ya Zomba mommuno. Wojambula nyimbo wa ku America, Ian Brennan, anabwera ndi zipangizo zonyamula m'manja mu 2013, akaidi anaimba, ndipo mu 2016 gulu lawolo, Zomba Prison Project, linali pa mndandanda wa opikisana. Munalibe studio ya magalasi mmenemo.

Nyimbo ikatuluka aipititse ku YONECO FM ndi ku wailesi ya Chanco, ndi zapakhomo pano. Akapeza mpata woimba pa zochitika za ana asukulu, ngakhale kutsegulira ena, asakane. Ana a pa Chanco akaikonda nyimbo amapita nayo kwawo pa holide, Karonga mpaka Nsanje. Ndipo ku Mpondabwino asasiyeko. Woimba rap uja Fredokiss anakwezedwa ndi anthu a m'maghetto amene ankadzaza mabwalo pa ma show ake aulere, sanawataye atatchuka.

Bambo wa ana anayi, Chinamwali:

Mayi, ine za rap sindizitsata, ndingofunsa chimodzi: MSCE anakhoza? Ndaona ana ambiri kuno atapita m'tauni ndi chikwama cha zovala n'kubwerako opanda ngakhale foni. Sindikuti mumuletse, mwana wa zaka 21 saletsedwa. Koma ngati apita kukakambirana, mupite naye inuyo kapena amalume ake, asakasaine yekha. Mwana akaona maikolofoni yodula amasaina chilichonse.

Chemwali wa ku Chikanda:

Zikomo nonse. Bambo a ku Chinamwali, anakhoza ndi mapointi 28, ndipo m'mawa amandithandiza pa benchi, ndiye simungamutche lova. Amalume athu ali ku Songani, ndawaimbira ndipo avomera kutiperekeza.

Usiku wathawu ndinamuwerengera zimene mwalembazi. Poyamba anakwiya, akuti achimwene a ku Matawale akumuderera. Kenako analowa kuchipinda n'kutulutsa kope la masamu la Fomu 4, kumbuyo kwake kodzaza mavesi amene sanaonetsepo munthu. Ina ndi ya amayi, ya masiku amene tinkawadikirira kuchipatala, iye akugona pakhonde ndi yunifolomu. Sindinathe kuimva mpaka kumapeto. Ndamuuza kuti imeneyo sipita kwa kampani iliyonse, ndilipira ndekha. Achimwene a ku Matawale, kodi Lachiwiri masana mumakhalapo? Ndi tsiku limene msika umaphweka, nditha kutseka benchi n'kubwera naye.