Magalafu a mu R akukana kubwerera mwakale

Wa ku Senga Bay:
Ndikulemba lipoti la nsomba zimene asodzi amafika nazo pagombe kuno ku Senga Bay, ndipo magalafu ndikujambula ndi R, pulogalamu ya pakompyuta yosanthulira deta. Pofuna kuti usipa, utaka, chambo ndi kampango zioneke pa tsamba limodzi, ndinalemba par(mfrow = c(2, 2)), kenaka ndinachepetsa mipata ya m'mbali pogwiritsa ntchito mar. Tsopano galafu iliyonse ikutuluka yaing'ono pakona ndipo malemba a m'mbali akuduka. Kodi ndingabwezeretse bwanji zonse mwakale popanda kutseka R, poti deta yanga imachedwa kulowa?

Mphunzitsi wa ku Linga:
Achimwene, lembani dev.off() basi. Zimene mwasintha ndi par sizikhala mu R monse, koma zimamatirira pa windo limene mukujambulapo, moti mukalitseka, latsopano limayamba ndi mfrow ya c(1, 1) ndi mar ya c(5.1, 4.1, 4.1, 2.1) monga pachiyambi. Deta yanu sikhudzidwa. Ngati mawindo alipo angapo, graphics.off() imatseka onse pamodzi. Dziwani chabe kuti mu RStudio, pulogalamu imene ambiri amagwiritsiramo ntchito R, magalafu amene munajambula kale amafufutika nawo, choncho yambani mwasunga amene mukuwafuna.

Mayi wa ku Dwangwa:
Aphunzitsi anena zoona, koma ine njira yotseka windo ndimaiona ngati yothawira moto ukabuka kale. Musanasinthe kalikonse, muzilemba kale <- par(no.readonly = TRUE) kuti musunge mmene zinthu zilili pansi pa dzina loti "kale", ndipo mukamaliza muzilemba par(kale) kuti zibwerere. Mawu akuti no.readonly ndi ofunika chifukwa pali zinthu zina monga cin, cra ndi din zimene R salola kuti munthu azisinthe, ndiye mukawasiya mudzalandira machenjezo osathandiza. Pamene ambiri amagwa ndi apa: amalemba mzere wosungawo atasokoneza kale zinthu, ndiye akamabwezeretsa amangobwezeretsa chisokonezo chomwecho. Inenso zinandichitikira polemba za mvula ya nyengo ya mpunga, ndipo ndinataya madzulo onse ndikuiimba mlandu kompyuta yosalakwa. Mukamalemba function yanu (gulu la malamulo limene mwalipatsa dzina), ikani on.exit(par(kale)) pansi pa mzere wosungawo, kuti ngakhale itakanika pakati, zinthu zibwerere zokha.

Wa ku Senga Bay:
Zikomo kwambiri nonse, tsamba labwerera mwakale. Koma mitundu imene ndinasankha dzana ndi palette ikadalipobe, ngakhale ndatseka windo kawiri.

Mphunzitsi wa ku Linga:
Imeneyo ndi nkhani ina, chifukwa palette ndi imodzi pa mawindo onse mpaka mutatseka R, choncho lembani palette("default"). Ngati mitundu idzaoneke yosiyana ndi ya m'malipoti akale, musadabwe, popeza R 4.0.0, imene inatuluka mu 2020, inasintha mitundu yoyambira, ndipo yakaleyo imapezeka ndi palette("R3"). Tsiku limene mudzayambe ggplot2, njira ina yojambulira magalafu mu R, par siidzakuthandizani konse, pakuti kumeneko pobwezeretsa maonekedwe mwakale mudzafunika theme_set(theme_gray()).