Ndithandizeni, zithunzi zakale za mapayiloti zikuwonongeka

Abale ndithandizeni nzeru chonde. Ndili kuno ku California, ndimasamalira agogo ena aakazi ku Lancaster. Malemu bambo awo anali makaniko wa ndege ku Muroc, komwe pano amati Edwards Air Force Base, kuja payiloti Chuck Yeager anaulukira ndi ndege ya Bell X-1 mpaka kuposa liwiro la phokoso pa 14 October 1947.

Ndiye sabata yatha tikukonza mu galaja tapeza katoni yodzadza zithunzi, makalata ndi makaseti atatu omwe bambowo anajambula atakalamba akufotokoza ntchito yawo. Zithunzi zambiri si za ndege ayi, ndi za pamalo a mayi wina woyendetsa ndege, Pancho Barnes, omwe ankawatcha Happy Bottom Riding Club, komwe mapayiloti ankakacheza akaweruka, kumwa, kuvina, kukwera mahachi, anthu oti mawa lake akukayesa ndege yoti mwina sabwerako. Malowa anapsa mu 1953, nchifukwa chake mtima ukundipweteka. X-1 yo inasungidwa bwinobwino mu myuziyamu ku Washington koma nkhope za anthuwa zikuolera mu katoni.

Vuto ndi loti zithunzi zina zamatirirana ndi chinyezi, ndinayesa kumatula chimodzi chinayamba kusupuka ndiye ndasiya. Alipo akudziwa kamatulidwe kake? Nanga makasetiwa ndingawasamutsire bwanji mu kompyuta tepi osaduka? Komanso ndiyambe kujambula agogowa pa foni akutchula mayina a anthu a pazithunzi, kapena kulemba kumbuyo ndi pensulo kuli bwino? Akumayiwala masiku ano, sindikufuna kuchedwa.