Kodi Polivanov anamupheranji, poti ntchito yake inali ya zilankhulo basi?

Nachisale wa ku Yeoville:
Abale anzanga a kuno ku Joni ndithandizeni, mwana wanga wamkazi akuphunzira za zilankhulo pa yunivesite ya Wits nde dzulo wabwera ndi nkhani ya mkulu wina wa ku Russia dzina lake Yevgeny Polivanov, akuti boma linamuwombera mu 1938 ali ndi zaka 46 zokha. Mwanayo ali mkati mwa mayeso sindinafune kumutayitsa nthawi koma nkhaniyi yandikhala pamtima. Munthu wongofufuza za mawu angalakwire chani boma mpaka kumupha?

Aphunzitsi a ku Rosettenville:
Mayi, chimene chinamuphetsa ndi chomwecho chimene ankachidziwa bwino. Anabadwira ku Smolensk mu 1891, anaphunzira ku St Petersburg pansi pa katswiri wa zilankhulo Baudouin de Courtenay, ndipo pakati pa 1914 ndi 1916 amapitapita ku Japan kukamvetsera mmene anthu amayankhulira, mpaka chiyankhulo cha kumidzi ya ku Nagasaki. Anali ndi khutu lakuthwa munthuyu, anafufuza mmene Ajapani amakwezera ndi kutsitsa mawu kuti tanthauzo lisinthe, ngati ifeyo tikamati mtengo wa mango ndi mtengo wa shuga pa shopu, kalembedwe kamodzi koma khutu limasiyanitsa. Mu 1917 anakonza njira yolembera Chijapani m'zilembo za Chirasha ndipo mpaka lero akuigwiritsabe ntchito, imatchedwa ndi dzina lake.

Vuto linayamba ndi katswiri wina wa zilankhulo, Nikolai Marr, amene ankaphunzitsa kuti mawu a zilankhulo zonse za padziko anachokera ku timawu 4 tokha, sal, ber, yon ndi rosh, nde poti chipani cholamula cha Communist chinali kumbali yake aliyense amangovomera. Polivanov mu February 1929 anaimirira pa Communist Academy ku Moscow nkutsutsa poyera kuti zimenezo zilibe umboni, pomwe iyenso analowa chipani chomwecho mu 1919. Kuyambira pamenepo ku Moscow kunamuwawira, anasamukira ku Samarkand kenako Tashkent kenako Frunze komwe pano ndi Bishkek, uko nkumalimbikirabe ntchito pa chilankhulo cha a Dungan ndi ndakatulo yaitali ya a Kyrgyz ija ya Manas. Mu August 1937 anamumanga ati ndi kazitape wa Japan, pa 25 January 1938 nkumuwombera.

Chisale Malvern:
Aphunzitsi mwaiwala chowawa kwambiri, mu 1950 mtsogoleri wa dzikolo Stalin mwini wake analemba mu nyuzipepala ya Pravda kuti maphunziro a Marr aja ndi olakwika, apo nkuti Polivanov atatha zaka 12 m'manda, ndipo dzina lake anadzaliyeretsa mu 1963. Ine pamenepa mtima umandipweteka zedi.

Agogo a Thoko:
Ana inu musayang'ane kutali. Ine ndinali ku Zomba mu 1987 pamene anamanga a Jack Mapanje, nawonso katswiri wa zilankhulo, mkulu wa dipatimenti ya Chingerezi pa Chancellor College, anakawatsekera ku Mikuyu mpaka 1991 osawatengera kukhoti olo tsiku limodzi. Tinkangonong'onezana, kutchula dzina lawo mu basi sumayerekeza. Ndipo 1968 pomwe Chitumbuka anachichotsa pa wailesi malemu amuna anga a ku Rumphi anakhala masiku osatsegula wailesi mnyumba, ndinaziona ndi maso angawa.

Nachisale wa ku Yeoville:
Zikomo aphunzitsi, zikomo agogo, za a Mapanjezo ndinkangozimva patalipatali ndili mtsikana ku Dedza. Mwanayu anabadwira konkuno, za June 16 ya 1976 ku Soweto amazidziwa bwino poti anapita ndi sukulu ku Hector Pieterson Museum koma za Mikuyu sanamvepo ndi kamodzi komwe. Agogo, akamaliza mayeso ndingabwere naye Lamlungu tikaweruka kutchalitchi kuti mudzamufotokozere nokha?